MWANA WA KUNYANJA WAFA AKUTHAWA MADZI, NDIYE MUKUTI MFITI?

Abale anga a kunyanja, anyamata a kudooko, a pa Liwonde, a ku Ntaja, a ku Ulongwe, ndi inu muli ku Joni mukuwerenga mobisalira bwana, ndabweranso. Ndikudziwa ena mwayamba kale kudandaula kuti aise ameneyu mauthenga ake amatha batire. Pepani. Koma uwu wokha werengani mpaka kumapeto, chifukwa ndaulemba ndi mtima wowawa, ndipo mwa anthu amene ndikuwadzudzula muno, woyamba ndine.

Ambiri mukudziwa kuti tinaika mwana wa achemwali anga. Zaka 9 basi. Mwana wobadwira m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, mdzukulu wa msodzi. Ankasambira ngati katumbu, ankapalasa bwato asanadziwe n'kulemba dzina lake. Koma masiku ake atatu omaliza, ukamubweretsera madzi m'kapu ankakuwa, khosi n'kumangika, maso n'kutuluka. Ludzu ali nalo, akulira kuti akufuna kumwa, koma kumeza osatheka. Olo kamphepo kolowa pawindo kankamunjenjemeretsa thupi lonse. Bambo anga, munthu amene wakhala pamadzi zaka zoposa 40 osaopa mwera kapena mvuu, anatuluka panja kukalira kuseri kwa nyumba.

Pamaliro ndiye munayamba manong'onong'o aja. Akuti mwana wa kunyanja sangaope madzi pachabe, pali munthu. Ena analoza gogo wina wosauka wa kumapeto kwa mudzi. Ena anati ndi msodzi mnzawo wa bambo amene anakangana nawo za ukonde. Panatsala pang'ono kuti anyamata akagwetse nyumba ya munthu wosalakwa.

Ine ndikuti ayi. Mwana uja anafa ndi CHIWEWE. Ndipo ngati mukufuna amene anamupha, tiyeni tiwerenge bwinobwino.

Miyezi iwiri izi zisanachitike, galu wina anamuluma pamwendo pafupi ndi matandala oyanikapo matemba. Kabala kake kakang'ono, mano awiri okha. Galuyo anyamata anamupha tsiku lomwelo n'kumutaya m'mabango. Anganga ake a mwana anameta ubweya wa galuyo, kuwotcha, phulusa lake kupaka pabala, monga anaphunzirira kwa makolo awo. Mawa lake achemwali anapita naye pa kachipatala kena kapafupi, anamutsuka bala, kumupatsa mapilitsi, n'kuwauza kuti katemera wa chiwewe pano palibe, pitani kuchipatala chachikulu. Achemwali anandiimbira foni ndili ku Balaka ndi matumba a nsomba zouma, akupempha ya thiransipoti. Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati, “Achemwali, kabala kakang'onoko? Dikirani ndigulitse kaye.” Sabata isanathe bala linapola, mwana akusewera mpira, tonse tinaiwala. Ndalama imene ndinaumira tsiku limenelo sinafike olo theka la imene ndinagulira nsalu ndi mpunga wa pamaliro.

Ndiye mfiti yake ndi iti pamenepa? Mwini galu amene sanamubayitse katemera. Ife amene tinakhulupirira phulusa. Ine amene ndinaika bizinesi patsogolo. Ndi akuluakulu amene amalola kuti mankhwala opulumutsa moyo azipezeka kutali ndi kumene agalu akulumira anthu. Gogo uja musiyeni, alibe mlandu.

Chichokereni kumanda ndakhala ndikuwerenga za nthendayi usiku uliwonse, ndipo ndikufuna nanunso mumve mmene imagwirira ntchito, chifukwa imatipusitsa ndi kudekha kwake. Chiwewe ndi kachilombo kamene kamakhala m'malovu a nyama yodwala. Kakalowa pabala sikathamanga ndi magazi ngati malungo ayi. Kamagwira mtsempha wa uthenga, ija imatipangitsa kumva kuwawa ndi kutentha, n'kumakwera pang'onopang'ono kulunjika ku ubongo. Ulendo umenewu nthawi zambiri umatenga mwezi umodzi mpaka itatu, koma utha kutenga sabata imodzi kapena chaka chathunthu. Akakuluma kumaso kapena m'khosi njira imafupika. N'chifukwa chake ana ali pachiopsezo chachikulu: ndi aafupi, galu amawafikira kumutu, komanso amabisa akalumidwa poopa kukalipidwa. Bala limapola kunja, koma mkati mlendo ali paulendo. Akafika ku ubongo ndi pamene munthu amayamba kutentha thupi, kuyabwa pa chipsera, kusokonezeka, kuopa madzi ndi mphepo. Zikafika pamenepo, abale, kulibe dokotala, kulibe sing'anga, kulibe ndege yopita ku India. Pafupifupi aliyense amene wayamba kuonetsa zizindikiro amamwalira. Koma kachilomboko kasanafike ku ubongo, katemera amakatsekera njira. Nkhani yonse ndi mpikisano wa nthawi basi.

Ena munena kuti iwe ukunyoza mankhwala a makolo chifukwa unapita kusukulu. Imani kaye. Nkhani ya ubweya wa galuyi musaganize kuti ndi nzeru yathu yokha ya kuno. Mzungu wina wa ku Rome, dzina lake Pliny, analemba zomwezo zaka pafupifupi 2000 zapitazo, kuti tengani ubweya wa kumchira wa galu amene wakulumayo, muwotche, muike pabala. Mnzake wina Celsus analangiza kuti munthu akayamba kuopa madzi, mumuponye padziwe mwadzidzidzi kuti amwe mokakamiza. Inu asodzi tangoganizani nkhanza imeneyo. Ku Belgium, m'tauni ya Saint-Hubert, anthu olumidwa ankayenda mitunda italiitali kuti ansembe akawateme pachipumi n'kuikamo kaulusi kochokera ku chovala cha woyera mtima Hubert. Si mphini zimenezo? Ankatenganso chitsulo chooneka ngati kiyi, kuchiwotcha mpaka kufiira, n'kudinda pabala. Azungu anachita zonsezi zaka mazanamazana, ndipo anthu awo ankafabe. Kusiyana kwake n'koti iwo atapeza njira yogwira ntchito, zakalezo anazisiya. Ife tikukakamira chinthu chimene eni ake ena anachiyesa n'kuchitaya kalekale.

Mufunsa kuti nanga bwanji uje anapakidwa phulusa ndipo ali moyo mpaka lero? Yankho lake n'losavuta. Si galu aliyense woluma amene ali ndi chiwewe. Ambiri amaluma chifukwa cha ukali, ana awo, kapena chifukwa mwana wawaponda mchira. Ndipo olo galu wachiwewe akaluma, si nthawi zonse pamene kachilombo kamalowa, makamaka ngati waluma pa chovala chokhuthala. Ndiye anthu 10 akapakidwa phulusa, 9 n'kukhala bwinobwino, timatamanda phulusa. Mmodzi uja akafa patatha miyezi iwiri, za galu taiwala kale, timati walodzedwa. Phulusa limatenga ulemu wa amoyo, mfiti imasenza mlandu wa akufa. Masamu achinyengo amenewa ndi amene akutimaliza.

Tsono imvani nkhani ya mwana wina wa zaka 9, msinkhu womwewo wa mphwanga. Dzina lake Joseph Meister, wa ku Alsace. Galu wachiwewe anamuluma malo 14. Mayi ake sanadikire kuti aone ngati apola. Anakwera naye sitima mpaka ku Paris kukafuna wasayansi wina dzina lake Louis Pasteur, amene pamodzi ndi mnzake Émile Roux ankayesa katemera pa agalu. Iwo ankatenga fupa la msana la akalulu ofa ndi chiwewe, kuchotsamo mtsempha wa mkati, kuuyanika mu botolo masiku angapo kuti kachilombo kafooke. Inu oyanika matemba mukumvetsa kuti chinthu chikauma mphamvu zimasintha. Pa 6 July 1885 anayamba kumubaya mwanayo, kuyambira ndi wofooka kwambiri kupita ku wamphamvu, majekeseni 13 pa masiku pafupifupi 11. Mwana uja sanadwale. Anakula, n'kudzagwira ntchito yolondera pa Institut Pasteur ku Paris komweko. Chaka chomwecho anapulumutsanso Jean-Baptiste Jupille, m'busa wa nkhosa wa zaka 15 amene analimbana ndi galu wachiwewe poteteza ana anzake. Pasteur anachita zonsezi kachilomboko asanakaone n'komwe ndi maso, chifukwa makina oonera tinthu tating'ono a nthawi imeneyo sankatha kukaonetsa.

Tawerengani chakacho kachiwiri. 1885. Nthawi imeneyo dziko lino lisanakhale n'komwe pansi pa Angerezi, zimene zinachitika mu 1891. Baraji ya pa Liwonde inamangidwa mu 1965. Njanji yochoka pa Nkaya kudutsa Liwonde mpaka Nayuchi inatsegulidwa mu 1970. Balaka anakhala boma palokha mu 1998, atachoka ku Machinga. Katemera wa chiwewe ndi wamkulu kuposa zonsezi. Ndiye mwana wa ku Machinga azifa lero ndi nthenda imene mwana wa ku Alsace anapulumuka zaka zoposa 130 zapitazo? Chimenecho si chifuniro cha Mulungu, abale. Tisamunamizire Mulungu ulesi wathu.

Ndipo musaganize kuti ndi ife tokha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ochuluka zedi mu Africa ndi Asia, ndipo mwa anthu 10 aliwonse, 4 ndi ana osafika zaka 15. Pafupifupi onsewo amachitenga kwa galu. Kuno ku Malawi akatswiri amayerekeza kuti timataya anthu pafupifupi 500 pachaka. Koma ndani amawawerenga amene amafera m'midzi ngati mphwanga? Mu 2007 dokotala wa ana Macpherson Mallewa ndi anzake anatulutsa zimene anapeza pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Mwa ana 133 amene anamwalira ndi matenda okhudza ubongo, 14 anali ndi chiwewe. Ndipo mwa ana 26 amene poyamba ankati afa ndi malungo aakulu, atatu atawayeza bwino anapezeka kuti chinali chiwewe. Ngati chimatha kubisala pamaso pa madokotala a ku Queens, nanga kumudzi kwathu kuno chabisala m'manda angati amene tinawatcha malungo kapena ufiti?

Tsopano ndifike pa nkhani imene ikundiwawa kwambiri: galu wa kwathu kuno alibe mwini. Akagwira gwape kapena kuthamangitsa wakuba, aliyense amati galu wanga ameneyo. Akaluma mwana, mwadzidzidzi ndi galu wongoyendayenda, sitikumudziwa. Kudooko agalu adzaza, akudya matumbo a milamba ndi zotsala za pa matandala, akuswana m'mabango, usiku akubwerera kumakomo kumene amagona. Amenewo si agalu a m'tchire, ali ndi makomo awo. Komanso tinene zoona: makomo ambiri kuno munthu wamkulu sagwira galu, ena chifukwa cha chipembedzo, ena amangoona ngati n'zachibwana. Galu amasiyidwa m'manja mwa ana. Palibe cholakwika kusagwira galu. Cholakwika n'kusunga galu pakhomo koma osasenza udindo wake, kenaka mwana wa zaka 8 ndiye akhale woganiza za katemera.

Kale ku dziko limene lero ndi Iraq kunali mzinda wotchedwa Eshnunna. Zaka pafupifupi 4000 zapitazo analemba lamulo pa mapale a dongo kuti ngati galu wapenga, akuluakulu n'kumuchenjeza mwini wake, iye osamumanga, galuyo n'kuluma munthu mpaka kufa, mwini galu alipire masekeli 40 a siliva. Anthu amenewo sankadziwa za kachilombo, analibe katemera, koma mfundo imodzi anaigwira: galu ali ndi mwini, ndipo mwini ayankhe. Ife lero tili ndi mafoni a intaneti m'matumba, koma mfundo imeneyi yatikanika.

Zifukwa zathu ndimazimva, ndipo ndiziyankha chimodzichimodzi.

Akuti galu akabayidwa katemera amafooka, sasakanso, sakuwanso usiku. Bodza. Katemera sachotsa mphuno ya galu kapena ukali wake. Agalu a apolisi amene amanunkhiza chamba pa rodibuloko mukuganiza kuti sabayidwa?

Akuti galu wanga ndi wofatsa, sangakhale ndi chiwewe. Apa ndiye mverani bwino anyamata a kudooko. Chiwewe chili mitundu iwiri. China ndi chija timachidziwa, galu kuthamangathamanga, kuluma mitengo, miyala, chilichonse. China ndi chachete. Galu amangofooka, chibwano kugwa, dovu kuchucha, osatha kumeza. Ndiye ife a kunyanja timathamangira kunena kuti wamira ndi munga wa nsomba, n'kupisa dzanja m'kamwa mwake kuti tiuchotse, manja ali ndi mabala a mbedza ndi minga ya mlamba. Musadzayerekeze. Chimodzimodzi mbuzi kapena ng'ombe ikayamba kulira modabwitsa ndi kuchucha dovu, inu a ku Utale ndi ku Phalula oweta ziweto, itanani alangizi a ziweto, musaipise dzanja kukhosi, musaisende. Mphaka nayenso amatenga, nkhandwe ndi fisi chimodzimodzi.

Akuti njira ndi kungopha agalu onse, ngati mmene akuluakulu amasimbira za kale, a vetenale akalengeza kuti agalu amangidwe, wopezeka akuyendayenda n'kuwomberedwa. Kupha chisawawa sikuthetsa chiwewe. Mukapha agalu a padooko lero, matumbo a nsomba akadali pompo, mwezi wamawa abwera ena ochokera kwina, osabayidwa. Eni ake ena amathawitsira agalu awo kumidzi ina, n'kusamutsa nthenda. Ndipo pophapo mumaphera limodzi agalu obayidwa, amene ndiwo mpanda wathu. Chimene akatswiri anapeza n'choti mukabaya agalu 7 mwa 10 aliwonse m'dera, chaka ndi chaka, kachilomboko kamasowa kolumphira mpaka kuzima, ngati moto wa tchire ukafika pamene analambula. Mexico anachita zimenezi, ndipo mu 2019 WHO inatsimikiza kuti kumeneko anthu sakufanso ndi chiwewe chochokera kwa agalu. Musati ndi kutali. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies pamodzi ndi a boma oona za ziweto anabaya agalu oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre pa masiku 20 okha, ndipo m'zaka zotsatira ana ofika ku Queens ndi chiwewe anachepa kwambiri. Kuchoka pa Liwonde kufika ku Blantyre ndi ulendo wa m'mawa umodzi pa minibasi. Agalu a ku Ndirande aposa chiyani agalu a ku Mposa?

Akuluakulu nanunso sindikusiyani. Inu makhansala ndi aphungu a ku Machinga ndi ku Balaka, pamaliro mumabwera, bokosi mumagula, chithunzi n'kuika pa Facebook. Zikomo. Koma ndi liti munaimirira pa msonkhano wa khonsolo kufunsa kuti katemera wa anthu olumidwa alipo mabotolo angati m'boma lino, ndipo ali kuti? Mayi wa kunyanja akauzidwa kuti pita kuchipatala chachikulu, ndiye kuti kabaza, minibasi, chakudya cha panjira, ndipo si ulendo umodzi, chifukwa katemerayu amabayidwa masiku angapo osiyana. Osauka amathera panjira. Mayiko anagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe cha agalu. Mu June 2024 bungwe la Gavi, lija limathandiza akatemera a ana, linalengeza kuti liyamba kuthandiza mayiko osauka kupeza katemera wa chiwewe wa anthu. Khomo ndi limenelo. Funsani ku unduna, bwerani mudzatiuze yankho pa msonkhano, osati pamaliro.

Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tisanadikire a ku Lilongwe, pali zimene tingachite tokha. Ife asodzi timadziwa kusunga lamulo tikafuna. Nyengo yotseka nyanja timaidziwa. Komiti ya padooko ikakupeza ukukokera neti ya udzudzu, imalanda, chindapusa pamwamba. Ngati timatha kuteteza ana a matemba, tilephera bwanji kuteteza ana athu? A mfumu, a gulupu, a komiti ya padooko, ndikupempha mwaulemu: lembani agalu onse a m'mudzi, khomo ndi khomo, monga mumalembera mabwato. Kambiranani ndi alangizi a ziweto tsiku lodzabaya, lilengezedwe kumzikiti Lachisanu, kutchalitchi Loweruka ndi Lamulungu, ndi kusukulu. Pa 28 September chaka chilichonse ndi tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse, tsiku limene Pasteur anamwalira mu 1895, ndiye pofika tsiku limenelo khomo lililonse la galu lizikhala ndi chiphaso cha katemera. Galu wosabayidwa akaluma munthu, mwini wake alipire thiransipoti yonse ya kuchipatala, tsiku lomwelo, osati mawa. Ndipo matumbo a nsomba tizikwirira, tisamaitane agalu a dera lonse.

Pomaliza sungani izi pamtima, muwauzenso ana. Galu kapena mphaka akakuluma, kukukanda, kapena kunyambita pa bala, thamangira pa mjigo. Tsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi 15 zathunthu, yang'ana nthawi pafoni. Sopo wochapira yemweyu amaononga kachilomboko. Osapaka phulusa, tsabola, mchere wa m'munda kapena mafuta a galimoto, osamanga bala mothina. Ukatero pita kuchipatala tsiku lomwelo, ukanene momveka kuti walumidwa ndi galu ndipo ukufuna katemera wa chiwewe. Akakutumiza kwina pita, kongola ngati kuli kofunika. Katemera wa masiku ano ndi wa pamkono, si uja wa pamimba ankaopsezera anthu kale. Maliza masiku onse amene akulembera m'kabuku. Mayi woyembekezera ndi khanda nawonso amabayidwa. Galuyo ngati n'kotheka kumutsekera popanda wina kulumidwa, mutsekereni masiku 10 ndipo dziwitsani alangizi a ziweto, chifukwa galu amene anali ndi chiwewe m'malovu poluma sadutsa masiku amenewo ali bwinobwino. Koma inu musakhale pakhomo kudikira masiku 10, yambani katemera. Ndipo makolo, mwana akabwera kudzanena kuti galu wandiluma, musamukwapule. Mukamukwapula lero, mawa adzabisa.

Bwato laling'ono limene mphwanga ankaphunzirira kupalasa likadali kuseri kwa nyumba ya bambo, palibe amene walikhudza. Ndikadutsapo ndimakumbukira mawu anga aja, “dikirani ndigulitse kaye.” Madzi akatayika saoleka. Ine ndamva nkhwangwa ili m'mutu, inu mverani kwa ine.

Amene muli ndi galu pakhomo, ndiyankheni mu gulu muno: anabayidwa liti? Osanditumizira tizithunzi ta manja opemphera. Nditumizireni tsiku.

Tumizani ku magulu onse a kunyanja, a mpira, a kumzikiti ndi a kutchalitchi.

Ndine wanu uja, mwana wa msodzi.